Chiwongolero cha a Dalaivala

"Chapita! Ndikuti chapita, mayi, musandifunsenso kawiri!"

A Dalaivala ankalankhula uku akugogoda ndodo yawo pasimenti ya m'galaja. Anali nkhalamba yowongoka msana, atavala jekete lositidwa bwino, chipewa chili m'manja. Moyo wawo wonse anathera pa mabasi a maulendo ataliatali, ndipo aliyense ankadziwa, poti eniake ankanena tsiku ndi tsiku, kuti sanagundepo ngakhale nkhuku.

Sajeni, mayi wapolisi, anawasiya kuti mpweya ubwerere, n'kusuzumira m'galimotomo. Inali galimoto yamakedzana, yamphuno yaitali, nyali zake zozungulira ngati maso a kadzidzi. Inakhala zaka zambiri pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba ya a Dalaivala, nkhuku zikuikiramo mazira, mpaka eniake atapuma pantchito anaganiza zoiukitsa. Tsopano inali itavala penti wobiriwira, mipando yachikopa ikununkhira utsopano. Chinasowa n'chimodzi basi. Kutsogolo kwa mpando wa woyendetsa kunali chitsulo chokhachokha chili njo, ngati khosi lopanda mutu.

"A Makaniko, chiwongolerocho chinali pati?"

"Pamsomali apo." A Makaniko anali munthu wamfupi, wolankhula motsitsa. Ankapukuta m'manja ndi kansanza ngakhale m'manjamo munali moyera kale. "N'chamatabwa m'mphepete mwake, zakale zija. Chinali chitang'aluka, ndiye tinapatsa kalipentala kuti achilumikize n'kuchipaka vanishi. Anabwera nacho dzulo m'mawa. Ndinachikoleka apo kuti ndichimange lero, eniake akuona."

"Simunachimangepo n'komwe?"

"Ayi."

"Chitseko chathyoledwa?"

"Ayi."

"Makiyi amasunga ndani?"

"Ndimagona nawo."

"Ndiye kuti chinatuluka masana, geti lili lotsegula. Analowa muno ndani?"

A Makaniko anaponya diso kukona, kumene akazi a Dalaivala anakhala pa tayala lakutha, mwendo umodzi atauwongola, ali duu. Kenaka anayang'ana kansanza kawo.

"Anthu amalowa, amatuluka. Ndi galaja ino."

"Kalipentala!" Mawuwo anachokera pageti. Anali mayi wina wonenepa, tepi yoyezera ili m'khosi, telala amene kashopu kake kanagundana ndi mpanda wa galaja. "Kalipentala anabweranso masana, ine ndinamuona ndi maso angawa. Polowa anali chimanjamanja, potuluka thumba kumsana. Sindikunena kuti waba ayi, ine si wamiseche, koma thumbalo linali lotupa."

"Kalipentala wake uti?"

"Wamtali uja, wachipsera pachibwano."

Sajeni sanafunikirenso kufunsa. Munthuyo ankamudziwa. Ndi iye yemwe anamumanga zaka zapitazo atathyola sitolo ya zipangizo, ndipo ndi iye anaima m'khoti mpaka munthuyo kupita kundende. Mtima wake unangoti myaa, ngati munthu amene wapeza nsapato yachiwiri pansi pa mpando. Fulumira adadya gaga, akulu ananena, koma mwambi umakumbukika gaga ali kale kukhosi.

Akutembenuka kuti azipita, akazi a Dalaivala anadzutsa mutu.

"Mayi..."

"Muli ndi mawu?"

Gogoyo anayang'ana mwamuna wake, amene anali chiimire atagwira denga la galimoto ngati wagwira phewa la mwana wodwala.

"Ayi. Muyende bwino."

*

Kunyumba kwa kalipentala kunali alendo. Pabwalo panali posesedwa mpaka mizere ya tsache kuoneka, ndipo pamthunzi panali mipando yatsopano yonunkha utuchi. Mwininyumba anavala malaya oyera. Moyang'anana naye panakhala mkazi wake, kamtsikana kali pamiyendo, sutikesi ili pambali. Mkaziyo anabwerera kwa makolo ake pamene mwamuna anamangidwa, ndipo chitulukire kundende kalipentala anali akugogoda pakhomo la apongozi, kupempha kuti amukhulupirirenso. Tsiku limenelo mlamu wake, mchimwene wamkulu wa mkaziyo, anali atavomera kubwera naye.

Sajeni anaziona zonsezi, koma sizinamulowe.

"Iwe, dzuka. Thumba la dzulo lili kuti?"

Kalipentala anaimirira pang'onopang'ono.

"A Sajeni, ndili ndi alendo. Chonde, tikalankhulire kuseri."

"Kuseri n'komwe mumabisa zinthu. Thumba."

Analowa m'kachipinda kogwirira ntchito n'kubwera nalo. Sajeni analikhuthulira pansi. Munatuluka zopanira matabwa, sandipepa wakutha, botolo la guluu ndi nsanza zonunkha vanishi.

"Ndinaziiwala m'mawa pokasiya chiwongolero," anatero. "Ndinangobwerera kukatenga. A Makaniko anandiona."

"Chiwongolerocho wagulitsa kuti?"

"Chasowa?" Nkhope yake inagwa ngati munthu wauzidwa za maliro. "Mayi, chiwongolero chija ndachipala ndi manja awa mpaka khungu kusupuka. Ndikachibe bwanji?"

"Nanga loko wa sitolo uja unamuthyola ndi manja a ndani?"

Mlamu uja anadzuka, n'kusasa fumbi kumbuyo kwa buluku, ngakhale mpando unali watsopano.

"Mlongo wanga, nyamula mwana. Ndinanena ine kuti mbuzi ikalawa mchere siileka. Tabwera kudzaonerera zimenezi?"

"Alamu, dikirani pang'ono. Pali polakwika penapake."

"Polakwika m'pamene ndinakumvera."

Anthu oyandikana nawo anali atayamba kusuzumira pamipanda. Sajeni akanatha kungoyenda naye, munthu wosathawa, wosalimbana. Koma dzanja linazolowera, linapita lokha m'chiuno. Unyolo unati khethe pa malaya oyera aja.

"Ababa akupita kuti?" kamtsikana kanafunsa.

Sajeni anapita naye.

*

Tsiku lonselo Sajeni anathera kwa ogula zitsulo zakutha ndi kwa ogulitsa zida za magalimoto. Palibe anaona chiwongolero chamatabwa. Mmodzi anamuseka poyera. "Mayi, chimenecho chingalowe galimoto iti? M'tauni muno ya mtundu umenewo ilipo imodzi yokha. Wakuba akachigulitse kwa mwiniwake?" Mawuwo anamubaya, koma sanawalabadire.

Kalipentala anagona m'chitokosi. Chakudya sanachikhudze. Mawa lake masana ankayenera kukaonekera kukhoti, choncho m'mawa Sajeni anapita kwa telala kuti akamve umboni wake bwinobwino.

Anamupeza akusoka, chala chimodzi chili chomanga ndi kansalu.

"Khalani, mayi, sunthani nsaluzo. Eee, anadutsa pompano, dzuwa lili paliwombo. Anaimanso kuti ndimusokere batani pa malaya ake oyera, ati mawa kubwera alendo olemekezeka. Munthu akumwetulira ngati mkwati. Ndinamusokera ulere, ine mtima wanga ndi wotero, anthu amandidyerapo masuku pamutu. Mwamuna wanga malemu ankanena kuti..."

"Atachoka kalipentala, chinachitika n'chiyani?"

"Palibe. Ndinadya, ndinawodzerako pang'ono, musauze makasitomala. Kenaka ndili pakati posoka diresi la mkazi wa abusa, nsalu yoterera yovuta ija, chigalimoto chija n'kulira. Bwaaa! Ngati tsekwe wopondedwa. Ndinadzidzimuka, singano n'kulowa apa. Taonani. Magazi pa diresi la eniake! Ndinangotseka shopu kupita kukamangitsa chala."

Sajeni anasiya kugwedeza mutu.

"Hutala?"

"Hutala yake ija. Palibe ina yolira chonchija, ndinaimva mwezi watha a Makaniko akuiyesa. Itangolira panamvekanso chiphokoso, ngati mgolo wagubuduka."

"Inali nthawi yanji?"

"Ana asukulu ataweruka kale. Mthunzi wa mpanda unali utafika pamakina pano."

"Kalipentala anabweranso?"

"Ayi ndithu. Uyo anapita kalekale."

"Ndiye m'galajamo munali ndani?"

"A Makaniko, a Dalaivala ndi akazi awo. Analowa n'kutseka geti."

"Bwanji simunanene zimenezi dzulo?"

Telala anamuyang'ana modabwa.

"Inu munafunsa za wakuba, mayi. Munthu amaba chake?"

Sajeni anatuluka osatsanzika. Za injini sankazidziwa, koma ngakhale mwana amadziwa kuti hutala imalira munthu akadina pakati pa chiwongolero. Ndipo chiwongolero chokolekedwa pamsomali sichiliza galimoto.

*

A Makaniko anali pansi pa galimoto ina, miyendo yokha ikuoneka. Sajeni anagogoda nsapato yawo ndi yake.

"Tulukani. Ndikufuna mundilizire hutala ya galimoto yobiriwirayo."

Anatuluka mochedwa, ngati kamba.

"Batire lafooka, mayi."

"Yatsani nyali."

Anayatsa. Maso a kadzidzi aja anawala mpaka pakhoma.

"Batire lili bwino. Lizani."

"Singalire popanda siteringi. Batani lake limakhala pakati, waya wake amadutsa m'kati mwa chitsulomo."

"Nanga dzana inalira bwanji, siteringiyo ili pamsomali?"

A Makaniko anafunafuna kansanza kawo m'thumba.

"Munthu ukhoza kugunditsa waya kuchitsulo, poyesa chabe."

"Mwina." Sajeni anatsegula chitseko cha galimoto n'kuwerama. Kumapeto kwa chitsulo chija kunali timano tating'onoting'ono mozungulira, topakidwa girizi watsopano. Koma giriziyo sanali pamwamba pa timanoto. Anali atakankhidwira pansi, n'kuunjikana ngati mphete. "Girizi uyu anamukankha ndani? Waya?"

Sajeni anazungulira kutsogolo. Pamphuno ya galimoto, mbali yakumanzere, panali kachigamba ka penti wowala kuposa mnzake. Anakhudza, chala n'kumata. Pafupi ndi geti panali mgolo wa madzi umene unatembenuzidwira kukhoma. Anausuntha ndi bondo. Mimba yake inali itaphwanyikira m'kati.

"A Makaniko, ine ndakalamba pantchito ino, ndilibe nthawi yovina nanu. Chiwongolero munachimanga dzana."

Munthuyo anakhala pansi pa bokosi la masipanala.

"Ndinachimanga," anatero. "A Dalaivala anabwera madzulo, ati mtima sukupirira kufika mawa. Ndinawongola matayala akutsogolo. Pochotsa siteringi ine ndimakhoma kadontho pachitsulo, kena pa siteringi, kuti pobwezera tiwiriti tiyang'anane, apo ayi galimoto iziyenda mowongoka siteringi itapendama. Ndinapaka girizi, kuyang'anitsa timadontho, chinangolowa chokha, tswii, ngati sichinachokepo. Ndinalumikiza waya wa hutala, nati ndinangoimanga pang'ono, poti ndimalimbitsa ndikayesa kaye pamsewu. Mukanawaona akuluwo. Anachigwira ndi manja onse awiri, misozi ili mbwee. Kenaka akuti, 'Tsegula injini, ndizungulire pabwalo pano kamodzi kokha.'"

"Munalola."

"Munthu anaphunzitsa bambo anga kuyendetsa. Ndikanamukaniza ndi pakamwa pati? Anapita molunjika kumgolowo. Poponda buleki chifuwa chinagunda batani, ndiyo hutala munamvayo. Atatsika anandigwira mkono, akuti, 'Mwana wanga, izi zithere muno. Zikamveka andilanda laisensi, ndipo dzina langa latha.' Ndinalonjeza."

"Nanga chiwongolero?"

"Ndinachimasula ndine, tsiku lomwelo, iwo atapita. Koma komwe chili, si ine woti ndinene."

"Munthu wagona m'chitokosi chifukwa cha pakamwa panu potsekapo."

"Ndikudziwa. Inenso sindinagone."

"Inu simunagone muli pamatiresi. Chili kuti?"

A Makaniko anayang'ana mgolo uja.

"Kafunseni akazi a Dalaivala chimene chikuwatsimphinitsa."

*

A Dalaivala anali pakhonde, wailesi ili pamiyendo. Sajeni analowa pageti mwakachetechete n'kuima patsogolo pawo, mapazi ochepa chabe, yunifolomu yonse ili pathupi, dzuwa likuwala. Sanalankhule. Nkhalambayo inakweza nkhope, n'kupendeketsa mutu ngati nkhuku yomvetsera.

"Ndani ameneyo?"

Apa m'pamene Sajeni anawayang'ana m'maso koyamba. Pakati pa diso lililonse panali kamtambo kotuwa. Ng'ala.

"Ndine Sajeni, bambo."

"Ooo, mayi! Dzuwali likundithobwa. Mwachipeza?"

"Ndatsala pang'ono. Mayi alipo?"

Gogo uja anali ataima kale pakhomo, atagwira felemu. Anangokodola ndi dzanja, n'kutsogola kuchipinda akukoka mwendo. Atafika anayesa kugwada, koma bondo linakana.

"Pansi pa bedi, mwana wanga. Mbali yomwe amagona iwo."

Sajeni anakoka mtolo wokulungidwa m'bulangete. Chiwongolero chinatuluka chikung'anima, thabwa lake lofiirira ngati uchi, losalala moti pamene panang'aluka sipankaoneka.

Gogoyo anakhala pabedi n'kukweza nsalu pang'ono. Kuyambira pabondo kutsika, mwendo unali wotupa, wakuda bii.

"Ndinaima pafupi ndi mgolo uja," anatero motsitsa. "Nditavala diresi lofiira, kunja kukuwala. Anabwera molunjika kwa ine. Sanandione, mayi. Mgolo ndi umene unandipulumutsa, unayamba kulandira ndiwo. Iwo potsika akufunsa kuti, 'Mgolowu anauika panjira ndani?' Ine ndili pansi. Ndinawauza kuti ndapunthwa pothawa madzi."

"A Makaniko anaona?"

"Anaona. Ndinawatsinzinira diso. Pobwerera kunyumba akuluwa akuti, 'Pabwalo paja m'popanikiza. Mawa ndilowa mumsewu waukulu, ndikatenge zidzukulu kusukulu, zikaone mmene agogo awo amayendetsera.' Zidzukulu zanga, mayi, ndi ana a eni odzaza msewu. Ndinawasiya akumwa tiyi, ine n'kubwerera kugalaja ndi dengu la zochapa."

"Osangowauza bwanji?"

"Za maso ndawauza chaka chonse. Akuti ndi utsi wa kukhitchini. Kuchipatala akukana. Mwamuna amene sanagundepo nkhuku mungamuuze chiyani? Ndimayesa akalipa masiku angapo, ine n'kupeza mpata woitana ana kuti tiwanyengerere. Sindinadziwe kuti alawirira kupolisi."

"Nanga pamene ndinkapita kukagwira munthu wosalakwa? Munali pomwepo, pa tayala."

"Ndinatsegula pakamwa. Munandimva." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Ndinaona nkhope yawo, anthu ali pageti. Ndinati ndikalankhula apa ndawavula pagulu. Ndinasankha mwamuna wanga, mwana wa eni n'kumuponya pamoto. Ndinaganiza kuti mukafufuza osapeza kanthu mumusiya."

Sajeni anafuna kukalipa, koma anakumbukira kuti anafufuzadi, osapeza kanthu, ndipo sanamusiye.

Ndodo inagogoda pakhomo la chipinda. A Dalaivala anali ataima pamenepo, wailesi atazimitsa. Maso anali atafooka, koma makutu anali akadali a mnyamata.

"Mayi a ana," anatero. "Mwendowo uli pati?"

Anayenda mofufuza mpaka pabedi, n'kugwada movutikira. Dzanja lawo linapeza bondo, n'kutsika pang'onopang'ono pa chotupacho. Gogoyo analuma mlomo.

"Ndine?"

"Ndinu."

Anakhala chogwada nthawi yaitali. Sajeni anayang'ana pawindo, poti pali zinthu zina zosayenera kuonerera ngakhale uli wapolisi. Koma ntchito ndi ntchito.

"Bambo, inunso muli ndi mbali yanu. Telala atanena kuti kalipentala anatuluka ndi thumba masana, inu munkadziwa kuti madzulo ake chiwongolero chinali m'manja mwanu. Mawu amodzi okha akanamupulumutsa."

"Ndinkadziwa," anavomera osadzutsa mutu. "Ndinadziuza kuti mwina anabweranso. Ndikanati ndinachigwira, mukanafunsa kuti ndinachita nacho chiyani." Anatambasula dzanja. "Ndipatseni."

Sajeni anawapatsa. Zala zawo zinazungulira thabwa lonse, kenaka n'kuzunguliranso.

"Sindikupapeza pamene panang'aluka. Mwana uja ali ndi manja." Anachibweza. "Kapatseni a Makaniko achimange, alimbitse nati. Galimoto isakhale yopanda mutu. Makiyi asunge mayi a anawa. Wondiyendetsa adzapezeka, ine ndizikhala kumbuyo ngati katundu." Anapuma mozama. "Ndipo mlandu ndauchotsa. Mutulutseni mwanayo, ndikamugwadire."

"Kumutulutsa n'kosavuta," Sajeni anatero.

*

Sajeni anatsegula chitokosi yekha. Kalipentala anatuluka akuphethira, malaya oyera aja atasanduka otuwa. Sajeni anamufotokozera zonse ali chiimire, mosabisa kanthu, ndipo anaona kuti lilime lake lasiya lokha kunena kuti iwe.

"Tiyeni ndikuperekezeni."

"Njira ndikuidziwa."

"Ndikudziwa kuti mukuidziwa. Ndikufuna anthu andione ndikuyenda nanu."

Anayenda limodzi. Koma masana amenewo mipanda inalibe maso. Amene anasuzumira dzulo anali kuntchito, ena kumsika. Pabwalo mipando ija inali pomwe inasiyidwa, masamba atagwerapo. Sutikesi panalibe. Pansi panali zopanira matabwa ndi botolo la guluu, mmene Sajeni anazikhuthulira.

Kalipentala anawerama n'kuyamba kutola chimodzichimodzi. Sajeni anawerama naye, mawondo akulira.

"Pepani," anatero. Mawuwo anatuluka ouma, poti sanazolowere kuwanena. "Ndinalakwa. Ndipita kwa alamu anu lero lomwe, ndi yunifolomu yomweyi, ndikawauze kuti simunabe."

"Pitani. Ndingathokoze." Anapukuta fumbi pa botolo la guluu. "Koma alamu anga ndimawadziwa. Adzati ngati sanabe dzulo adzaba mawa, apolisi safika pakhomo la munthu pachabe. Mkazi wanga mwina adzamva. Mwana ndiye sindikudziwa. Pamene munandimanga koyamba anali kumsana, sanaone kanthu. Dzulo waona."

"A Dalaivala akufuna kubwera kudzapepesa. Ndi akazi awo."

"Abwere. Mipando ilipo." Anatsala pang'ono kumwetulira, koma sizinatheke. "Iwo ndikuwamvetsa, a Sajeni. Wina amaopa manyazi, wina amateteza mwamuna wake, wina amasunga lonjezo. Aliyense anali ndi wake womutchinjiriza. Ine ndinalibe. Wanga amayenera kukhala inuyo."

Madzi akatayika saoleka, ndipo Sajeni anali ataima pakati pa matope ake.

Kalipentala anamanga thumba lake, n'kuliika pampando. Kenaka anamuyang'ana m'maso, mopanda ukali, ngati mmisiri amene akuonetsa mnzake pamene thabwa lapindika.

"Sitolo ija ndinathyoladi, ndipo ndinalipira ndi zaka zanga. Sindikudandaula. Koma ife otuluka kundende tilipo ambiri m'tauni muno, ndipo zinthu sizidzasiya kusowa. Mawa kudzasowa njinga, wina adzatchula dzina lomwe mukulidziwa kale, mtima wanu udzati ndamupeza. Tsiku limenelo, mayi, khalani pansi kaye. Funsani onse mpaka mafunso athe. Ndipo munthu akakupemphani kuti mukalankhulire kuseri chifukwa mwana wake akuona, chonde, pitani naye kuseri."